Gitala Yako Ndinaipala Osakufunsa

Area 23, Lilongwe
Lachinayi masana

Tadala mwana wanga,

Ndikukulembera ndili pakhonde, iwe uli m'chipinda mwako, ndipo pakati pathu pali khoma limodzi lokha. Munthu wanzeru akanangogogoda. Koma chibwerere chako kuchokera ku Ntcheu Lolemba lija, kupatula mawu awiri a tsiku loyambalo, mawu amene ndalandira kwa iwe ndi "mwadzuka bwanji" katatu ndi "madzi ali kubafa" kamodzi, ndipo onsewo umawalankhula ukuyang'ana kalendala ya pakhoma. Ndiye ndati bola ndilembe. Pepala silitembenukira kukhoma.

Mlandu wanga ukuudziwa, komabe ndiunene ndekha, usaganize kuti ndikuuzemba. Utapita kukatsanzika kwa azakhali ako, ndinalowa m'chipinda mwako ngati mbava n'kutenga gitala yako yamagetsi. Ndinamasula nsambo, ndinachotsa khosi, ndinatulutsa mawaya, kenako n'kuyamba kupala penti wofiira uja ndi sandipepa. Maganizo anga anali oti ndikwirire zipsera zake zonse, ndiisalaze, ndiipente mwatsopano, kuti pobwera uipeze ikuwala ngati galimoto ya nduna. Ndinadzipatsa masiku atatu. Lero ndi tsiku lakhumi ndi chimodzi. Unaipeza itagona pampando, yotuwa, yamathothomathotho ngati galu wamphere, khosi lili pamwamba pa kabati, masikuluwu ali m'chitini cha majarini. Unaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena mawu awiri okha: "Adadi, mwaipha."

Mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Joni. Kusukulu ya zoimbaimba ukupitako akufuna kuti sabata yoyamba yomweyo uwaimbire, amve dzanja lako. Amayi ako andiuza kuti wanenetsa kuti gitalayi suitenga, ukazibwereka za anzako. Tsono ndinene poyera: kalatayi ndi yopempha kuti uitenge. Malangizo ena onse amene uwapeze m'munomu angokwera nawo ngati matumba a makala pamwamba pa lole. Bambo sangalole mwana wake kuwoloka malire atatu asanamutopetse ndi malangizo, kutchalitchi angandiseke.

Kulakwa kwanga koyamba n'kwakuti ndinaiwala kuti gitalayo si yanganso. Ndinaigula kwa mkulu wina wa ku Kawale nditangomaliza ku yunivesite, ndipo inandiyendetsa m'maukwati ndi m'mabawa zaka zimene amayi ako salola kuti ndizizitchula patebulo. Koma utakhoza mayeso a Fomu 2 ndinakupatsa, pamaso pa alendo, ndi mawu ambirimbiri mpaka tiyi anazizira. Kuyambira tsiku limenelo inali yako. Pamene penti anafufutika ndi mkono wako panali pako. Chipsera cha m'munsi chija, cha tsiku limene lamba anaduka uli pakati pa nyimbo kutchalitchi, gitala n'kumenya pabenchi iwe n'kuigwira ndi bondo osasiya kuimba, chinali chako. Ine ndinaona zokandikakandika, pamene iwe umaona zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinazipala m'mawa umodzi, ndikuimba mluzu. Tsono mvera, Tadala. Kumene ukupitako ukakhala ndi anthu m'chipinda chimodzi, ukaona zinthu zawo zopindika, ndipo poti ndiwe mwana wanga, manja akakuyabwa kuti uziwongole. Funsa kaye. Chikondi chosafunsa ndi umbava wovala suti. Ukumva? Funsa kaye.

Aka si koyamba kuilakwira gitala imeneyi. Isanakhale yofiira inali yakuda, yotopa ndi maulendo. Tsiku lina tinaitanidwa kukaimba paukwati ku Kawale, ndipo ndinamva kuti pakati pa operekeza mkwatibwi padzakhala mtsikana wina wa ku Dedza, wophunzira unamwino, amene ndikamulonjera ankandiyankha ngati akuyankha wogulitsa tomato wamtengo wokwera. Ndinati ndionekere. Dzulo lake ndinatenga penti wotsala wa chitseko cha bafa, wobiriwira, n'kupaka gitala yonse ndi bulashi, pamwamba pa thukuta, fumbi ndi mafuta odzola amene ndinkaipukutira. Osapala, osatsuka, osakwirira kanthu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Pofika nyimbo yachitatu penti uja anayamba kumata. Pamene perekaniperekani ankatha, malaya anga oyera anali ndi chithunzi cha gitala pamimba, chobiriwira, chokhala ndi nyanga zake zonse ziwiri. Mtsikana uja anabwera, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kunena kuti, "Achimwene, tsiku lina mukaiwala gitala kunyumba musadandaule, muzidzangoimba malayawo." Ameneyo ndi amayi ako. Anandimvera chisoni, ndipo chisoni chimenecho ndi chimene chinabala iwe.

Amene anadzachotsa manyazi onsewo n'kuipaka penti wofiira amene unamudziwa iwe ndi a Mbewe, owongola magalimoto ku Biwi, nthawi imeneyo tsitsi lawo lidakali lakuda. Anandiuza mawu amene ndinawamva koma osawasunga: penti sabisa, amaulula. Ukapaka penti wowala pamalo ponyomoka, kuwalako n'kumene kumaitana diso kuti lidzaone ponyomokapo. Ine zimenezi ndinayenera kuzidziwa kale. Chaka chachiwiri ku yunivesite ndinalephera mayeso, anandibwereza kalasi, ndipo agogo ako aamuna ndinawauza kuti ophunzira anzeru kwambiri atiwonjezera chaka kuti tizame. Mkuluyo anasangalala, anauza mudzi wonse, mpaka anandiphera tambala. Zitadziwika sanandikalipire. Anangoti, "Ukanandiuza zoona, tambala uja bwenzi akuliralira mpaka pano." Mawu amenewo anandipweteka kuposa chikoti. Ndiye Tadala, zikakavuta kumeneko, ndipo tsiku lina zikavuta ndithu, usatitumizire zithunzi zomwetulira pafoni uli ndi bala mkati. Tiuze pamene pabowoka. Amayi ako adzalira, ine ndidzanena nthabwala yosayenera, kenako tidzaganiza limodzi. Usatipake penti.

Sabata yatha, nditamaliza kupala wofiira uja n'kuona mmene thabwa linakumbikira pansi pake, ndinabwerera kwa a Mbewe. Ndinawapeza akusalaza chitseko cha minibasi, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze.

"Aphunzitsi! Gitala ija idakalipo? Ine ndimayesa munaigulitsa mutayamba kukhala kutsogolo m'tchalitchi."

"Ilipo. Ndikufuna ndiikonze ndekha. Mungondiuza kachitidwe kake."

"Nokha? Paja digiri yanu ija ndi ya chiyani?"

"Ya mabuku."

"Eyaa. Ndiye mutchere khutu, chifukwa filala sadziwa kuwerenga."

Filala ndi phala lija amakwiririra malo opindika pagalimoto. Anandipatsa m'kachitini, n'kundipatsanso kachubu ka mankhwala ofiira oumitsira. Anati filala achuluke ngati dzira, mankhwala ngati kanjere ka nyemba, ndisakanize pakatoni mpaka mtundu ufanane, ndipake mopyapyala, ndidikire aume, ndipale, ndipakenso. "Kawiri katatu pang'onopang'ono, osati kamodzi chimulu," anatero. Ndinagwedeza mutu monga amachitira ana anga a sukulu akakhala kuti sanamve kanthu. Nditafika kuno ndinaganiza mwaukadaulo kuti ngati kanjere kamodzi kamaumitsa pa mphindi makumi awiri, tinjere tinayi tiumitsa pa mphindi zisanu. Masamuwo anali olondola. Filala anauma ndisanafike naye pagitala, ndipo chopakira chinatsala chilili pakatoni ngati chipilala chokumbukira maphunziro anga. Ulendo wachiwiri, chifukwa cha mantha, ndinaika kochepetsetsa, ndipo anakhala masiku awiri ali ngati chiponde, mpaka ndinamukanda yense ndi mpeni wa amayi ako wosendera mbatata, nkhani imene sitinaithetse mpaka lero. Safunsa anadya phula, amatero akuluakulu. Ine ndinafunsa, ndinayankhidwa, n'kudyabe phulalo. Kumene ukupitako ukakumana ndi anthu ovala maovolosi, okolopa m'makalasi, okonza mawaya kuseri kwa masipika. Uziwalonjera bwino, uwadziwe mayina, ndipo akakuuza kuti kanjere kamodzi, ndi kanjere kamodzi. Satifiketi ukaipeza uiike m'chikwama, m'mutu imalemera. Usaiwale zimenezi.

Kudikira ndiye kunandikanika zedi. Filala ukamupaka amafuna umusiye. Ine mphindi ziwiri zilizonse ndinkapita kukamudina ndi chala kuti ndione ngati wauma, ndipo kudina kulikonse kunkasiya kadzenje koti ndikwirirenso. Ndi mmene ndinachitiranso ndi iwe Lachiwiri patebulo, pamene ndinati gitalayo tsopano yalowa m'fashoni, ikufanana ndi mabuluku anu ong'amba dala m'mawondo. Unaika supuni pansi n'kudzuka. Amayi ako anandiponda phazi kunsi kwa tebulo, koma anachedwa. Nawenso udzalakwira anthu kumeneko, chifukwa palibe amayenda osaponda mnzake. Ukadzatero, pepesa kamodzi momveka bwino, kenako chotsapo chala. Mkwiyo wa munthu amene wakwiya ndi chifukwa suuma pouseketsa.

Ndinalakwitsanso china chimene ndikuchita nacho manyazi kuchilemba. Filala atayamba kundimvera, ndinalawa kukoma kwa ulamuliro. Ponyomoka paliponse, kwiriri. Kamng'alu kalikonse, kwiriri. Ndinali ngati aja amakwirira maenje a mumsewu wathu chisankho chikayandikira. Amayi ako anatuluka ndi beseni la zovala, anaima, anayang'ana, n'kufunsa kuti, "Bambo a Tadala, nanga khosi lija mudzalimangira pati?" Ndinali nditatseka mabowo onse anayi olowa masikuluwu a khosi, ndi kabowo komangirapo lamba komwe. "Inu bowo lililonse mumaliona ngati mdani," anatero akupita kukayanika. Ndinatha masana onse ndikuwatsegula ndi msomali kuchokera mkati. Si bowo lililonse limene ndi chilema, mwana wanga. Ena ndi amene amagwira chinthu kuti chisagwe. Ukakafika ku Joni udzamva bowo pamtima, makamaka Lamlungu dzuwa likamapendeka. Udzasowa fumbi la Area 23, mabelu a akabaza, mayi wa zigege wa pakona paja, mwinanso nthabwala zanga zimene umati zinatha ntchito. Usathamangire kulitseka ndi mowa, kapena ndi mnyamata woyamba kukuuza kuti maso ako amamukumbutsa kwawo. Lisiye likhale. Ndi pamene ife tamangirira.

Tsopano za kupala. Sandipepa alipo wamitundumitundu: wokhakhala ngati lilime la ng'ombe, wapakatikati, ndi wofewa amene sumva n'komwe kuti akudya. A Mbewe anati wokhakhala ndi wochotsera zambiri mwachangu, ukangoyandikira umusiye, utenge wotsatira. Anatinso ndimukulunge pakathabwa kosalala, ndisapale ndi zala zokha, chifukwa zala zimakumba tingalande, ndipo pamene pakukunyansa ndi pamene umakumba kwambiri. Ine ndinakonda wokhakhala chifukwa ntchito yake imaoneka, fumbi limachita kufuka, anthu odutsa mumsewu amaona kuti pano pali mwamuna akugwira ntchito. Ndinapitirira. Ndinadya filala, ndinadya ndi thabwa lomwe, nyanga ya m'mwamba ija inaphwa mbali imodzi, ndipo ndinachita kuiumbanso.

Ndili mkati moiumbamo ndinakumbukira kwaya. Iwe sudziwa kuti amayi ako ankaimba kwaya, chifukwa anasiya usanabadwe. Anasiya chifukwa cha ine. Tsiku lina tikuchokera kutchalitchi ndi anzathu, ndinanena kuti mawu awo akakwera pamwamba, agalu a ku Kawale amayankha. Anthu anaseka mpaka kugwirana mapewa, ine ndinamva kukoma, ndipo ndinaibwereza nthabwalayo paukwati wina, kenako pachinkhoswe china. Iwonso ankaseka nawo. Koma Loweruka lina sanapite kokonzekera nyimbo, ndi Loweruka lotsatira lomwe. Yunifomu yawo anapatsa mng'ono wawo. Zinanditengera zaka kuti ndizindikire kuti zinthu ziwirizi zinali pachibale, ine munthu wa digiri. Ndinapepesa, anandikhululukira, koma kukwaya sanabwerere. Amangoimba chapansipansi akamachapa, akaganiza kuti ndatuluka. Filala wa zimenezo kulibe, ngakhale ku Biwi.

Ndikukuuza izi chifukwa lilime langa unatengera ndiwe. Ndinakumva tsiku lija ukuuza woimba ng'oma wa kutchalitchi kuti amaimba ngati akupirikitsa mbuzi m'munda. Ndinaseka kuseri kwa chitseko, ndinanyadira, kenako ndinachita mantha. Paja amati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Iwe ukupita ndi mlomo wa ku Ntcheu kudziko la eni. Nthabwala usazisiye, zidzakupezera mabwenzi pamene chilankhulo chikukuvuta. Koma uziyang'ana nkhope ya amene akusekedwayo, osati za amene akuseka. Ukaona kuti wafika pathabwa, siya. Wokhakhala usungire akuluakulu a m'maofesi, iwowo penti wawo ndi wochindikala, samva. Kwa anzako uzigwiritsa wofewa. Ukumva, Tadala? Wofewa.

Amayi ako angodutsa kumene atanyamula mtedza wokazinga woti uzikatafuna m'basi, ndipo andifunsa ngati ndikulemba kalata kapena buku la Fomu 4. Zinazo akuuza kale kasanu: pasipoti ikhale m'kachikwama ka mkati mwa malaya, juzi ikhale pamwamba chifukwa kumeneko kumazizira mopanda ulemu, usalandire katundu wa munthu pamalire ngakhale atakutchula kuti mlongo, uziimba foni Lamlungu lililonse. Ine ndingowonjezera chimodzi. Ukaimba foniyo, usamathere kwa amayi ako okha. Ndidzakhala ndili pompo, ndikunamizira kuwerenga nyuzipepala.

Tsopano ndifike pamene ndakhala ndikuzungulira kuyambira tsamba loyamba.

Dzulo a Mbewe anabwera pakabaza kudzaona ntchito yanga. Ndinali nditapukuta fumbi lonse, ndipo m'maso mwangamu gitalayo inali yosalala ngati galasi. Iwo sanaiyang'ane n'komwe. Anatsinzina, anatambasula chikhatho, n'kuyamba kuyendetsa dzanja pang'onopang'ono kuchokera kumunsi kupita kunyanga, ngati akusisita mwana wodwala malungo. Anati diso limanama, makamaka diso la mwini ntchito. Chinthu chisanapakidwe penti amachiweruza ndi dzanja, maso ali otseka. Anaima. "Apa pali kaphiri." Anayendanso. "Apa kadzenje. Apanso kena." Kenako anatenga dzanja langa n'kuliika pomwepo.

"Mwakamva?"

Ndinati eya. Anandiyang'ana, n'kusunthira dzanja langa pena pamene panalibe kanthu.

"Nanga apa?"

Ndinatinso eya. Mkulu uja, dzanja langa ali chigwirire, anafunsa chapansipansi kuti, "Aphunzitsi, zinayamba liti?"

Zinayamba zaka zitatu zapitazo. Matenda a shuga aja, amene umandilondera nawo ndikamathira tiyi, anafika kunsonga za zala. Poyamba kunali kunyerenyesa, kenako dzanzi. Tsopano ndikadina nsambo ndimaona ndi maso kuti ndadina, koma chala sichindiuza kanthu. Amayi ako akudziwa, namwino sungamubisire, koma ndinawapempha kuti asakuuze. Iwe ndinakuuza kuti ndinasiya kuimba chifukwa nyimbo za masiku ano ndi makiyi atatu ndi kufuula. Ukukumbukira tsiku lija unatuluka ndi gitala n'kunena kuti, "Adadi, tandionetsani kaja mumatsetsereka nako kumapeto kwa nyimbo ya ukwati ija"? Ndinakuyankha kuti sing'anga saulula mizu yake, upite ukafunse foni yako. Unaseka pang'ono n'kubwerera m'nyumba, ndipo sunandipemphenso kanthu pagitala kuchokera tsiku limenelo. Sunali umbombo, mwana wanga. Ndinkaopa kuti ndikaigwira uona zala za bambo ako zikusochera pakhosi la gitala ngati mlendo m'tinjira ta ku Kauma.

Ndiye utalandira kalata ya sukulu ija, ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti ndikupatse chiyani. Kaja unandipempha sindingathenso kukuonetsa. Ndinaganiza kuti manja amene sangaimbe akhoza kupala, ndipo ukadzaima pamaso pa aphunzitsi ako atsopano udzakhala utanyamula kanthu kamene manja amenewa anachita. Umu ndi mmene ndinalowera m'chipinda mwako. Sindikunena izi kuti mlandu uchepe. Ndinapala zaka zako pofuna kubisa zala zanga. Pepa, Tadala. Ndalakwa.

Mmene zinthu zilili ndi umu. Penti wowala sitingakwanitse. Amafuna masiku kuti aume, ndipo fumbi la mwezi uno silingamupatse mtendere. Koma a Mbewe anena kuti tikawapititsira thupi la gitalali dzuwa lisanalowe, lili losalala, aliwaza penti wotuwa wapansi uja, amene amauma msanga, ndipo gitala imaimba bwinobwino ili choncho. Khosi, mawaya ndi nsambo tikhoza kubwezeretsa tikamaliza kudya, zimenezo umazidziwa kuposa ine. Mtundu weniweni ukasankhe wekha kumeneko, nthawi yako ikakwana, ndipo wina aliyense asakusankhire. Malo atatu aja anawazunguliza ndi pensulo. Pa tiwiri tokumbika tija ndapakapo filala m'mawa uno, ndipo wauma pamene ndimalemba kalatayi. Chatsala n'kupala komaliza. Kupala ndingathe. Chimene sindingathe n'kudziwa poti ndilekere.

Ndilowetsa kalatayi kunsi kwa chitseko chako, kenako ndibwerera pamalo panga. Kathabwa kali apa, sandipepa wofewa ali apa, ndipo ndakuikira mpando pambali panga. Ukasankha kusatuluka sindikuimba mlandu, ndipo mawa ndidzakunyamulira chikwama mpaka kudepoti monga amachitira bambo aliyense. Koma ngati ungathe, tuluka dzuwa likadalipo, udzatsinzine, uike dzanja lako pagitala yako, uzindiuza pamene ndafika. Sukufunika kundilankhula zambiri. "Apa" ndi "basi" akwana.

Ndine,
Bambo ako.